Laser ya makemikolo: mphamvu idalipo, nanga idagwa ndi chiyani?

M'mwezi wa February 2012 ndege ina yaikulu ya mtundu wa Boeing 747 idatera pa bwalo la asilikali la Davis-Monthan ku Arizona, m'dziko la America, ndipo siidaulukenso. Bwaloli lili m'chipululu, kumene asilikali a dzikolo amakasiya ndege zimene athana nazo. Koma iyi siidali yokalamba kapena yowonongeka. Idanyamula chida chimene boma lidataya nacho madola pafupifupi 5 biliyoni m'zaka 16, ndipo chidacho chidali chitaonetsa kale kuti chimagwira ntchito. Pa 11 February 2010 chidawononga mzinga uli m'malere kufupi ndi gombe la California popanda kuponya chipolopolo, kungouloza ndi kuwala basi. Pofika 2014 ndegeyo idali itaphwasulidwa.

Chida chimenechi chidali laser yoyendera makemikolo. Ine ndimaphunzitsa Physics ndi Chemistry pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi, ndipo ndikudziwa kuti wina afunsa kuti za ndege ya ku Arizona zikumukhudza pati munthu amene akuganiza za mtengo wa feteleza. Chaka chilichonse ndikafika pa mutu umene mabuku amautcha efficiency, ndimayamba ndi nkhani imeneyi, chifukwa sindidapeze ina yoonetsa bwino chonchi kuti kukhala ndi mphamvu n'kwina, kupindula nayo mphamvuyo n'kwinanso.

Ana akamva mawu oti laser koyamba, ena amaganiza za lezala, ena za uta wa Leza. A uta wa Lezawa ndiwo amayandikirako. Uta umatiuza kuti kuwala kwa dzuwa, kumene timakuona koyera, ndi kosakanikirana mitundu yambiri. Kuwala kwa babu kapena kwa koloboyi nakonso n'chimodzimodzi: mitundu yosiyanasiyana, kulowera mbali zonse, ngati anthu pa msika wa Bvumbwe, aliyense ndi njira yake. Kuwala kwa laser ndi kwa mtundu umodzi, kumalowera kumodzi, ndipo kumayenda mogwirizana ngati ovina tchopa ng'oma ikafika pokoma, mapazi onse kugunda pansi nthawi imodzi. N'chifukwa chake sikumwazika msanga, ndipo mungathe kukusonkhanitsa pa kadontho kakang'ono mpaka kuboola chitsulo.

Maziko ake adawafotokoza ndi Albert Einstein m'chaka cha 1917. Atomu ikapatsidwa mphamvu yoonjezera, siikhala nayo nthawi yaitali. Imaitaya ngati kadontho ka kuwala. Einstein adaona kuti kadontho kotere kakadutsa pafupi ndi atomu ina yokhuta mphamvu, kamaichititsa kuti nayonso itulutse kadontho kofanana nako ndendende. Kamodzi kaja kakhala tiwiri, tiwiri tikhala tinayi. Mukaika magalasi awiri oyang'anizana kuti kuwalako kuzibwerera uku ndi uku, galasi limodzi lolola pang'ono kudutsa, mwapanga laser. Chofunika n'chakuti maatomu okhuta mphamvu achuluke kuposa anjala, apo ayi anjalawo amameza kuwala konse. Woyamba kuzikwanitsa adali Theodore Maiman, m'mwezi wa May 1960 ku California, pogwiritsa ntchito mwala wofiira wa ruby ndi getsi lothwanima longa la kamera.

Vuto la ma laser oyambirirawo lidali kuwononga. Efficiency ndi masamu osavuta: tengani mphamvu imene mwapindula nayo, muigawe ndi mphamvu yonse imene mudaikamo, muchulukitse ndi 100. Babu lakale lija la kawaya m'kati, pa magawo 100 alionse a magetsi, oposa 90 limawasandutsa kutentha. Ndiye chifukwa chake linkawotcha chala. Ma laser oyendera getsi lothwanima ankabweza gawo limodzi kapena awiri okha pa 100. Tiyeni tiwerengere limodzi. Asilikali ankafuna kuwala kwa megawati imodzi, kutanthauza mawati 1 miliyoni, ofanana ndi mababu a LED 100,000 a mawati 10. Laser yobweza magawo awiri pa 100 ikanafuna mamegawati 50 a magetsi. Siteshoni ya Kapichira pa mtsinje wa Shire, makina onse akamayenda, imatulutsa mamegawati pafupifupi 130. Ndiye kuti nyali imodzi ikanamwa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a Kapichira. Ndipo mamegawati 49 otsalawo sakanapita kwina, akanasanduka kutentha m'kati mwa chida momwemo mpaka kuchisungunula.

Apa m'pamene asayansi adatembenukira ku makemikolo. Ife a kumudzi sitikusowa chitsanzo: chiphaniphani chimawala usiku chopanda batire. M'mimba mwake muli kemikolo yotchedwa luciferin imene ikakumana ndi okosijeni imatulutsa kuwala kosatentha. Asayansi a ku Japan adayeza m'chaka cha 2008 n'kupeza kuti pa mamolekyu 100 alionse a luciferin, pafupifupi 41 amabereka kuwala. Chiphaniphani si laser ayi, kuwala kwake kumangomwazika, koma chikutiphunzitsa kuti makemikolo akamaphatikizana angathe kupereka kuwala mwachindunji, osadzera ku magetsi. John Polanyi wa ku Toronto, amene adadzalandira mphoto ya Nobel mu 1986, adaona kuti makemikolo ena akangophatikizana, mamolekyu atsopanowo amabadwa ali okhuta kale mphamvu. Mu 1965 Jerome Kasper ndi George Pimentel a pa yunivesite ya California ku Berkeley adapanga laser yoyamba yamtunduwu ndi haidrojeni ndi klorini. Yawoyo inkangophethira kamodzi n'kuzima, koma pofika 1969 ena adali atapanga yoyaka mosadukiza pophatikiza haidrojeni ndi fulorini.

Laser yotere, kunena zoona, ndi injini ya roketi yokhala ndi magalasi. Mipweya imayaka m'chipinda china, imathamangitsidwa kudzera m'timabowo pa liwiro loposa la mawu, imasakanizidwa, imadutsa pakati pa magalasi n'kusiya kuwala kwake, kenaka imatayidwa kunja. Ubwino wake uli pawiri. Makemikolo amasunga mphamvu yochuluka m'malo ochepa, monga mmene lita imodzi ya petulo imayendetsera njinga yamoto mtunda wautali. Ubwino winawo, umene ine ndimauona kuti ndiwo waukulu, ndi woti kutentha kotsala kuja sikukhalamo. Kumatuluka limodzi ndi mpweya wogwiritsidwa kale ntchito, monga utsi utulukira pa chumuni cha fakitale. Mukafuna kuwala kochuluka mumangokulitsa mapaipi.

Yaikulu kwambiri idali MIRACL, imene idayamba kugwira ntchito mu 1980 ndipo idakaikidwa ku White Sands m'chigawo cha New Mexico. Inkatulutsa kuwala koposa megawati imodzi kwa masekondi ofika 70. Mu 1985 idaphulitsa thanki ya mzinga wa Titan imene adaiimika pansi, ndipo mu October 1997 adailozetsa pa setilaiti yawo yomwe, imene idali makilomita oposa 400 kumwamba.

Koma kuwala kukatuluka pa galasi ulendo sunathe, kuyenera kudutsa mumpweya. Laser ya haidrojeni ndi fulorini imatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kumene chinyezi cha mumpweya chimakumeza msanga. N'chifukwa chake mu MIRACL adachotsa haidrojeni wamba n'kuikamo deuterium, amene ndi haidrojeni yemweyo koma wolemererapo, kuti mtundu wa kuwala usinthe ukhale wodutsa bwino. Ngakhale zili choncho, mitambo, fumbi ndi nkhungu zimaifooketsa ndithu. Ana anga amaseka ndikawauza kuti chida cha mabiliyoni chimenechi chikanabwera kuno mwezi wa June kapena July, chiperoni chitakuta minda ya tiyi moti munthu suona mtengo uli patsogolo pako, chikanangotenthetsa nkhungu. Palinso china. Mudaonapo mmene mpweya umanjenjemerera pamwamba pa tala wa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo masana a October? Kunjenjemera komweko kumapotoza kuwala kwa laser, ndipo laser yamphamvu imatenthetsanso yokha mpweya umene ikudutsamo, n'kudzimwaza yokha. N'chifukwa chake adaganiza zoikweza m'ndege, iziuluka pamwamba pa mitambo.

Ya m'ndegeyo idali ya mtundu wina, wotchedwa COIL, umene adautulukira asayansi a gulu la nkhondo la mumlengalenga la America ku New Mexico mu 1977. Zopangira zake muzizindikira. Pali klorini, amene tonse tidamudziwa bwino pothira m'madzi akumwa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, ngakhale uyu ndi wa mpweya. Pali hydrogen peroxide, madzi otuluka thovu otsukira zilonda aja, koma wamphamvu kwambiri ndiponso wosakaniza ndi potassium hydroxide. Palinso ayodini, yemwe timamufuna mu mchere kuti tipewe chithokomiro. Klorini akadutsa mu peroxide mumatuluka okosijeni wokhuta mphamvu. Okosijeniyo amapatsira mphamvu yake maatomu a ayodini, ndipo ayodini ndiye amawala. Zotsalira zake ndi mchere wa potassium chloride, madzi ndi kutentha. Chonde achinyamata, musakayese kusakaniza mankhwala otere kunyumba. Mpweya wa klorini umawononga mapapo ndipo umapha.

Tsopano tifike pa nambala imene inkakometsa nkhani. COIL yabwino inkabweza magawo 20 mpaka 30 pa 100, ndipo m'malabotale ena idapitirirako pang'ono. Poyerekeza ndi gawo limodzi kapena awiri aja, uku kudali kulumpha kwakukulu.

Nambala imeneyi ana a kuno saivutikira, chifukwa ambiri makolo awo amathyola tiyi. Amadziwa kuti masamba aawisi olemera makilogalamu 100 akalowa m'fakitale, akafota, akadulidwa, akasintha mtundu n'kuumitsidwa, amatuluka tiyi wouma wa makilogalamu pafupifupi 22. Otsalawo adali madzi. Uku n'kuyeza kulemera, si kuyeza mphamvu, koma kaganizidwe kake n'kamodzi: chalowa n'chochuluka bwanji, chatuluka n'chochuluka bwanji. Ndiye ndimawafunsa: kodi nambala ya 22 ikutiuza ngati fakitaleyo ikupindula? Sachedwa kukana. Amanditchulira nkhuni za bulugama zimene boila amadya usana ndi usiku kuti madzi aja achoke, malo aakulu amene esiteti iliyonse imasiya kuti idzalemo bulugamayo, dizilo wa jenereta magetsi akathima, thirakitala yotuta masamba ku sikelo, lole yopita ku Limbe, ndi malipiro a mayi amene wathyola kuyambira m'mamawa dengu lili kumsana. Zonsezi mu 22 muja mulibe.

Ndi mmenenso zidalili ndi COIL. Poyeza magawo 30 aja, ankangoona kuwala kotuluka poyerekeza ndi klorini wolowa. Sankawerengera mphamvu yopangira klorini ndi peroxide ku fakitale, ngakhale tikudziwa kuti klorini amapangidwa podutsitsa magetsi ochuluka m'madzi a mchere. Sankawerengera makina oziziritsa peroxide, amene akatentha amawonongeka ndipo angathe kuphulika, mapampu okoka mpweya, matanki, ngakhale anthu ovala zodzitetezera amene ankayenera kusakaniza mankhwalawo pansi ndege isadanyamuke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'ndege muja mudali zigawo zisanu ndi chimodzi za laser, chilichonse chachikulu ngati galimoto, ndipo mankhwala amene inkanyamula ankakwanira kuwombera maulendo pafupifupi 20. Akatha, ndege ibwerere kukathira ena. Komanso kuti kuwala kufike pa mzinga kusadafooke, ndege yaikulu ndi yochedwa kutembenuka imeneyi inkayenera kuuluka pafupi kwambiri ndi dziko la adani. Mu 2009 nduna ya zachitetezo ya America, a Robert Gates, adaletsa kupanga ndege yachiwiri, ndipo kumapeto kwa 2011 ntchito yonse idatsekedwa.

Chimodzimodzi chida china chotchedwa THEL chimene America idapanga limodzi ndi Israel. Kuyambira mu June 2000 chidagwetsa maroketi a Katyusha 28 poyeserera, koma chidali chachikulu ngati makontena angapo ndipo chinkafuna mankhwala oopsa. Pofika 2006 adali atachisiya. Kampani ya Kawasaki ku Japan idayesanso kuti COIL izidula zitsulo m'mafakitale, koma eni mafakitale sadakopeke ndi makina ofuna thanki ya klorini pambali.

Chimene chidaigonjetsa laser ya makemikolo si chida champhamvu kuposa icho. Ndi kanthu kakang'ono kamene kali mu DVD ya m'nyumba yoonetsera mafilimu pa Luchenza: laser ya diode, yochepa ngati njere ya mchenga. Zaka zonse zimene asilikali ankakulitsa mapaipi, opanga ma diode ankachepetsa kuwononga, mpaka ena adafika pobweza theka la magetsi kapena kuposerapo ngati kuwala. Kenaka adaphunzira kuthira kuwala kwa ma diode ambiri mu ulusi wagalasi wautali, wopyapyala ngati tsitsi. Ulusi wautali ndi wopyapyala umazizira msanga, monga phala lizizirira msanga mukaliyala pa mbale yotambalala. Ma laser a ulusi otere lero amabweza magawo 30 mpaka 50 pa 100, ndipo nambala imeneyi amaiyeza kuchokera pa soketi ya magetsi, palibe thanki yobisika kuseri. Mu 2014 asilikali a pamadzi a America adaika laser yamagetsi pa sitima ya USS Ponce, ya makilowati 30 okha, kuchepa kuposa ka 30 poyerekeza ndi MIRACL. Mu January 2024 dziko la Britain lidalengeza kuti layesa yake yotchedwa DragonFire ku zilumba za Hebrides ku Scotland, ndipo lidati kuwombera kamodzi sikufika mapaundi 10. Malinga jenereta ikuyenda, chida chotere sichitha zipolopolo.

Sindikulemba izi posilira zida za nkhondo. Mphunzitsi amene amafotokozera ana za klorini ndi choko chokha, chifukwa sukulu ilibe labotale, sangamve za madola 5 biliyoni opita ku chipululu mtima wake n'kukhala m'malo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti laser yofookayo, yosawonongayo, ndiyo idafika kwathu kuno. Uthenga wa WhatsApp wochokera kwa mbale wanu wa ku Johannesburg, mbali yaikulu ya ulendo wake umayenda ngati kuwala kwa laser m'zingwe za ulusi wagalasi. Kachida kamene amawerengera mitengo ya katundu pa kauntala m'masitolo aakulu a ku Limbe ndi Blantyre kamaloza mizere yakuda ija ndi kuwala kofiira. Madokotala a maso pa chipatala cha Queen Elizabeth amagwiritsa ntchito laser pothandiza anthu amene matenda a shuga awononga mitsempha ya m'diso. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chimayendera thanki ya fulorini.

Popeza labotale tilibe, masamu a efficiency timawayesera pa mafuwa. Zimangofunika poto, madzi, themometa, nkhuni zouma ndi sikelo yobwereka. Kutenthetsa kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna majulu 4,200. Malita 5 ndi makilogalamu 5. Kuwachotsa pa madigiri 20 kufika pafupi ndi kuwira, tinene madigiri 95, n'kukweza madigiri 75, ndipo mukachulukitsa zonsezi mupeza majulu pafupifupi 1.6 miliyoni. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi majulu pafupifupi 16 miliyoni. Ndiye ngati mwawotcha kilogalamu yathunthu kuti madziwo afike pamenepo, m'poto mwalowa magawo 10 okha pa 100. Magawo 90 apita ndi mphepo ndi utsi. Nthawi zambiri moto wa pa mafuwa suchoka patali ndi nambala imeneyi. Tikatero timabwereza pa chitetezo mbaula, ija yadothi, madzi omwewo ndi poto yemweyo, n'kuyezanso nkhuni zimene zatsala. Ana amaona okha kuti mulu wotsala wakula. Amene amaphikira makala amadabwa kwambiri akamva kuti m'uvuni wadothi makilogalamu 5 a mtengo, kapena kuposerapo, amatha kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala, ndiye kuti kuwononga kudachitika kale thumba lisadafike pakhomo.

Kwa ife izi si masamu a pa bolodi chabe. Achikulire amakumbukira phiri la Thyolo lili ndi nkhalango yowirira. Lero mbali yaikulu ndi minda ya chimanga ndi nthochi, ndipo nkhalango yachilengedwe yatsala pang'ono, makamaka mbali ya esiteti ya Satemwa. Malo ambiri ozungulira midzi yathu ndi a tiyi, bulugama wa m'maesiteti ali ndi eni ake ndi alonda ake, choncho nkhuni za pakhomo zimachokera kutali kapena m'thumba.

Chaka chatha, titamaliza kuwerengera, mtsikana wina wa Fomu 4 adakweza mkono. Adati ngati ndikudzudzula anthu a ku America kuti sadawerengere matanki ndi mapampu, bwanji ifenso tangoika majulu a nkhuni okha pansi pa mzere, osaikapo maola amene iye ndi amayi ake amayenda Loweruka m'mawa kukatola nkhunizo? Anyamata ena adati zimenezo si Physics. Atsikana adati ndi Physics, popeza kusenza mtolo kukwera nawo chitunda ndi ntchito, ndipo ntchito timaiyeza m'majulu omwewo. Belu lidalira akukanganabe. Ndidawauza kuti pa mayeso a MSCE alembe majulu a nkhuni okha, chifukwa funso limafuna zimenezo, koma Lolemba lotsatira aliyense abwere atayeza kulemera kwa mtolo wa kwawo ndi mtunda umene umayenda.